Madokotala atatu, mayina atatu: kodi matendawa amawayeza bwanji?

Kalaliki83 analemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma lero ndalimba mtima kuti ndifunse, paja safunsa anadya phula. Mundikhululukire ndikatalikitsa.

Zaka 9 zapitazo mwana wanga wamkazi anamwalira ali ndi zaka ziwiri. Anatsirizikira m'manja mwanga tili m'galimoto, tisanafike kuchipatala. Patangotha miyezi itatu, kumene ndinkagwira ntchito ya ukalaliki anachepetsa antchito, dzina langa linali pamndandanda. Tulo tinathera pomwepo. Ndinkagona cha m'ma 11, ikamakwana 2 koloko ndili maso, kuyang'ana kudenga mpaka kunja kuyera. Lamba ndinachita kuboola mabowo awiri atsopano. Mkazi wanga ndiye anandikoka dzanja kupita nane kwa dokotala.

Adokotala oyambawo anandifunsa mafunso kwa mphindi 15, mwina zosakwana n'komwe. Mukugona? Mukudya? Zomwe zinkakusangalatsani kale zikukusangalatsanibe? Munaganizapo zodzipha? Kenako analemba kuti depression, matenda a kukhumudwa kwakukulu kosatha msanga. Nditawafunsa chomwe chayambitsa, anati mu ubongo mwanga mwachepa mankhwala achilengedwe otchedwa serotonin, ndipo mapiritsi abwezeretsa, ngati mmene wodwala shuga amabayira insulin. Za mwana ndinawauza. Anati pepani, n'kulemba mzere umodzi.

Nditamwa mapiritsiwo milungu itatu, thupi linasintha. Sindinkatha kukhala pampando, miyendo inkangofuna kuyenda. Ndinkalankhula mothamanga, usiku wina mkazi wanga anandipeza ndikukolopa m'nyumba cha m'ma 3 koloko. Tinabwerera kuchipatala, tinapeza adokotala ena. Iwo atamva zimenezi anati anzawo aja anaphonya, matenda anga ndi bipolar, a kukwera ndi kutsika kwa mtima, ndipo ndi a moyo wonse. Anandisinthira mankhwala. Ndinanenepa, manja anayamba kunjenjemera mpaka siginecha yanga inasintha. Dzina limenelo ndinalisenza zaka 7. Ndikaseka kwambiri pakhomo, mkazi wanga ankandiyang'ana ndi diso lina. Ndikakwiya pa chifukwa chomveka, funso linali loti, “Mwamwa mankhwala?”

Zaka ziwiri zapitazo ndinakumana ndi adokotala achitatu. Awa anakhala nane ola lathunthu, ndipo ndi okhawo amene anafunsa dzina la mwana wanga. Pomaliza anati sakuona bipolar mwa ine, zija zikuoneka kuti zinali zotsatira za mapiritsi oyamba aja, ndipo chomwe akuona ndi PTSD, kuvutika maganizo kobwera munthu akakumana ndi zoopsa, chifukwa mpaka lero sinditha kukhala mpando wakumbuyo m'galimoto, ndipo ulendo uja ndimaulotabe.

Ndiye funso langa nali. Munthu ndine yemweyo, nkhani yanga sinasinthe, koma ndapatsidwa mayina atatu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayeza serotonin ankanenayo. Malungo amaona tizilombo m'magazi. Fupa likathyoka limaoneka pa X-ray. Nanga izi amaziona pati? Chimene chimandizunguza mutu kwambiri ndi ichi: ndikafunsa chifukwa chomwe sindikugona, amati chifukwa muli ndi depression. Ndikafunsa kuti mwadziwa bwanji kuti ndili ndi depression, amati chifukwa simukugona. Ine ntchito yanga ndi ya mabuku a ndalama. Nditalemba kuti ndalama zasowa chifukwa pali kusowa kwa ndalama, abwana angandithamangitse tsiku lomwelo.

Sindikunyoza madokotala ayi, ndipo mankhwala ena ndikumwabe. Ndikungofuna wina wodziwa andiuze zoona: mayinawa ndi matenda enieni omwe anawapeza m'thupi, kapena ndi mayina chabe?

Sindigonja anayankha:

Achimwene, pepani kwambiri za mwana. Koma kunena mosapsatira, mwadzionera nokha. Ndi mayina basi, ndipo amawapereka ndi amene ali ndi mphamvu.

Taonani mbiri yake. Mu 1851 dokotala wina wa ku Louisiana, Samuel Cartwright, analemba kuti akapolo othawa ambuye awo ali ndi matenda otchedwa drapetomania. Tangoganizani, munthu akuthawa unyolo, dokotala n'kumati wadwala mutu. Ku Soviet Union anthu otsutsa boma ankawatsekera m'zipatala za amisala powanena kuti ali ndi matenda a misala otchedwa schizophrenia ya mtundu woyenda pang'onopang'ono, imene zizindikiro zake zinkaoneka kwa adokotala okha. Mu 1949 Egas Moniz analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha opaleshoni yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo, yomwe inasiya anthu ambirimbiri ngati zitsa. Mu 1973 bungwe la American Psychiatric Association linachotsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha pamndandanda wa matenda, ndipo linachita zimenezi povota. Kaya inu nkhani imeneyo mumaiona bwanji, mfundo yanga ndi ya voti. Munamvapo madokotala akukweza manja kuti agwirizane ngati TB ndi matenda?

Chaka chomwecho David Rosenhan anafalitsa kafukufuku wake mu magazini ya Science. Anthu 8 abwinobwino anapita m'zipatala 12 ku America, n'kunama kuti akumva mawu. Onse anagonekedwa. Atalowa anasiya kunamako n'kumachita zinthu mwa masiku onse, koma madokotala sanawazindikire. Wina anakhalamo masiku 52. Thomas Szasz, yemwenso anali dokotala wa matenda a maganizo, ananena kale mu 1961 kuti zambiri zomwe timazitcha matenda a maganizo ndi mavuto a moyo ovekedwa chovala cha chipatala.

Inu mwana anakuferani m'manja, ntchito n'kutha. Akanakhala munthu wogona tulo tabwino zitachitika zimenezo, ameneyo ndiye ndikanamukayikira. Ine ndikanakhala inu mapiritsiwo ndikanataya kalekale.

Namwino_wopuma anayankha:

Bambo Kalaliki, pepani. Ndisanayankhe funso lanu ndiyambe ndi mzere womaliza wa a Sindigonja: chonde musataye mankhwala mwadzidzidzi. Ndibwereranso pamenepa.

Ndinagwira ntchito m'wodi ya odwala matenda a maganizo zaka 26. Funso lanu ndi lolondola, ndipo yankho lake silibisika, kungoti m'chipinda cha dokotala nthawi yofotokozera imasowa. Pa depression, bipolar, schizophrenia ndi PTSD palibe kuyeza magazi kapena kujambula ubongo kumene kumatsimikizira kuti munthu ali nawo. Magazi timayeza ndithu, koma cholinga chimakhala kuchotsa matenda ena omwe amafanana nawo. Dzinalo limachokera pa zomwe inu mwanena, zomwe achibale anena, ndi zomwe dokotala waona, kenako n'kuziyerekeza ndi mndandanda wa m'buku. Mabukuwo ndi awiri: DSM ya ku America ndi ICD ya bungwe la WHO.

DSM yoyamba inatuluka mu 1952, kabuku kochepa. Vuto linaoneka poyera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene ofufuza anayerekeza madokotala a ku New York ndi a ku London. Odwala ofanana, ku New York ambiri ankatchedwa a schizophrenia, ku London ankatchedwa a matenda a kukwera ndi kutsika kwa mtima aja tikuwati bipolar masiku ano. Zinali zochititsa manyazi. Ndiye mu 1980 gulu lotsogozedwa ndi Robert Spitzer linatulutsa DSM yachitatu, ndipo nzeru yawo inali yakuti: tisiye kukangana za gwero la matenda, tingogwirizana zizindikiro zowerengeka. N'chifukwa chake pa depression lamulo ndi loti zizindikiro 5 mwa 9, kwa milungu iwiri. Bwanji 5 osati 4? Anagwirizana choncho pa tebulo. Inu a ziwerengero muona msanga kuti anthu awiri akhoza kupatsidwa dzina limodzi lomweli akufanana chizindikiro chimodzi chokha.

Kodi kugwirizanako kunatheka? Pang'ono. Asanatulutse DSM-5 mu 2013 anayesa kuona ngati madokotala awiri oona wodwala mmodzi padera angatchule dzina limodzi. Pa sikelo imene 1 ndiko kugwirizana kotheratu ndipo 0 ndiko kungolota, depression inapeza 0.28. Chaka chomwecho Thomas Insel, yemwe ankatsogolera bungwe la boma la America lofufuza za matenda a maganizo la NIMH, analemba poyera kuti kufooka kwa bukuli n'kwakuti mayina ake sanatsamire pa chilichonse choyezeka mu labotale. Allen Frances, amene anatsogolera DSM-IV ya mu 1994, nayenso anadzudzula kuti bukuli likusandutsa mavuto a tsiku ndi tsiku kukhala matenda. Awa si anthu a kunja kwa mpanda, ndi eni nyumba.

Nkhani yanu ikukhudza malo awiri amene madokotala amakanganapo mpaka lero. Poyamba, chisoni cha maliro. Mu DSM-IV munali lamulo loti munthu amene waferedwa asafulumire kutchedwa wa depression m'miyezi iwiri yoyamba, pokhapokha zitafika poopsa. Mu 2013 lamulolo analichotsa. Mu 2022 anawonjezanso dzina latsopano la chisoni chotalika, chopitirira miyezi 12 kwa wamkulu, pomwe ICD imati miyezi 6. Ndani anayeza kuti kholo liyenera kulira mwana miyezi ingati? Kachiwiri, kusakhazikika kumene munakuona mutayamba mapiritsi. Pali vuto lina lobwera ndi mankhwala lotchedwa akathisia, munthu amalephera kukhala pansi, miyendo imangomuyendetsa. Palinso anthu omwe mapiritsi a depression amawakwezadi mtima mopitirira, ndipo ena mwa iwo pambuyo pake amaonekadi kuti ali ndi bipolar, ena ayi. Sindingaweruze za inu ndili pa kompyuta. Ndikungonena kuti adokotala achiwiri ndi achitatu anaima mbali ziwiri za mkangano umene ulipodi.

Tsopano a Sindigonja. Za Cartwright ndi za ku Soviet Union mwanena zoona, ndipo sitiyenera kuziiwala. Koma za Rosenhan samalani. Mu 2019 mtolankhani Susannah Cahalan atafufuza mapepala ake anapeza kuti Rosenhan anauza adokotala zizindikiro zoopsa kuposa zomwe analemba mu Science, kuphatikizapo maganizo odzipha, ndipo ambiri mwa anthu 8 aja sanapezeke n'komwe. Ngati tikudzudzula anzathu kuti umboni wawo ndi wofooka, wathu usakhale wofooka koposa.

Komanso mawu oti “ndi mayina basi” ine sindingawavomere, chifukwa cha zomwe maso angawa anaona. Ndinaona mayi atabereka kumene, masiku 5 osagona, akukhulupirira kuti khanda lake si munthu. Ameneyo sanali ndi vuto la moyo lofuna kucheza naye chabe. Atalandira chithandizo, patatha milungu ingapo ankayamwitsa mwana wake akumuimbira. Ndinaona bambo amene chaka chilichonse ankagulitsa katundu wa m'nyumba m'masiku atatu, n'kumadzitcha mwini dziko, kenako miyezi inayi osadzuka pabedi. Mankhwala a lithium, amene John Cade wa ku Australia analemba za iwo mu 1949, anamubwezera banja lake. Mpaka lero sitidziwa bwinobwino mmene lithium amagwirira ntchito, koma bamboyo anakalamba ali pakhomo pake.

Ndipo kuganiza mwachipatala kunapulumutsapo anthu ambiri. Kale zipatala za amisala zinkadzaza ndi anthu omwe kwenikweni anali ndi chindoko chofika ku ubongo. Penicillin atabwera, gulu limenelo linatsala pang'ono kutheratu. Ine ndemwe ndinalandirapo mtsikana wotumizidwa kwa ife kuti ali ndi nkhawa yoopsa, mtima ukuthamanga, akuonda, akutuluka thukuta. Linali vuto la chithokomiro. Akanapita kwa munthu wongomvetsera nkhani za moyo wake, akanachedwa.

Mmene ndinkawauzira ana asukulu obwera kudzaphunzira m'wodi ndi motere. Dzina la matendawa lili ngati chizindikiro cholembedwa pa katoni: chimathandiza onyamula kudziwa poiyika, ndipo ofufuza amadziwa kuti makatoni olembedwa chonchi kawirikawiri amafuna chakuti. Koma cholembedwacho sichikuuza chifukwa chake katoniyo yalemera. Cholakwika chimayamba dokotala akatenga dzina lofotokoza n'kuligwiritsa ntchito ngati chifukwa, monga mwaonera inu. George Engel analemba mu 1977 kuti dokotala aziona thupi, maganizo ndi moyo wa munthu pamodzi. Tonse tinaphunzira zimenezo m'kalasi. Koma panja pakakhala mzere wa anthu 60, mwa zitatuzo chimatsala ndi chimodzi, cholembera mapiritsi. Ndinachitapo nawo zimenezo, sindikudziyeretsa.

Mlongo_wake anayankha:

Amayi anamwino, zikomo, mwandikumbutsa zambiri. Ine ndilankhule ngati wosamalira wodwala.

Mchimwene wanga wamkulu anayamba kumva mawu ali ndi zaka 22. Kwa zaka ziwiri pakhomo tinkangokangana. Bambo ankati ndi ulesi ndi chamba, mayi ankadziimba mlandu kuti anamulera molakwika, ine ndinkamuopa. Tsiku limene dokotala anatchula schizophrenia, mayi analira, koma usiku umenewo anagona tulo koyamba. Dzinalo linatichotsera kulozana zala. Tinadziwa choti tiwerenge, tinadziwa kuti pali mabanja ena ngati ife. Ndiye a Sindigonja, mukamati ndi mayina basi, dziwani kuti ena dzinalo linatigwira dzanja.

Koma dzina lomwelo linadzamumeza. Chaka china anayamba kudandaula m'mimba, kumanja m'munsi. Tinapita naye kuchipatala china, wolandira odwala atangotsegula fayilo n'kuona mawu aja, nkhope inasintha. Anayamba kufunsa ine m'malo mofunsa iye, ngati mwini mimba palibe. Anati mwina ndi maganizo ake omwewo, tipite tikapitirize mankhwala. Tinabwerera kawiri. Ulendo wachitatu anachita kumuthamangitsira ku opaleshoni, appendix itaphulika. Anachira, koma kuyambira pamenepo akadwala amandipempha kuti tisatchule za fayilo ija mpaka atamuyeza kaye. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. M'chipatala muja palibe anaukumbukira mwambiwu.

Chinanso chimene ndinaphunzira mochedwa. Kwa zaka zambiri aliyense ankamufunsa kuti, “Mawu aja ukuwamvabe?” Akati eya, mlingo wa mankhwala unkakwera. Palibe ankafunsa kuti mawuwo akunena chiyani. Ndinadzawerenga za Marius Romme, dokotala wa ku Netherlands amene m'zaka za m'ma 1980 anayamba kumvetsera anthu omva mawu, n'kupeza kuti alipo ambiri amene amawamva koma akukhala bwinobwino osapitako kuchipatala. Kuchokera pamenepo kunabadwa magulu a Hearing Voices. Ndinalimba mtima n'kumufunsa mchimwene wangayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati liwu limodzi ndi la mphunzitsi wina amene ankamuchita zoipa ali mwana. Zaka 15 tikukhala nyumba imodzi, sindinkadziwa. Jakisoni wake wa mwezi ndi mwezi akubayitsabe, ndipo iye mwini amati amamuthandiza kuti mawuwo akhale patali. Koma anayamba kusintha kwenikweni atayamba kukamba za mphunzitsiyo ndi mlangizi.

Bambo Kalaliki, pomwe mwati adokotala achitatu okha ndi amene anafunsa dzina la mwana, ndinaima kaye kuwerenga.

Kalaliki83 anayankha:

Zikomo nonse. Achemwali, nkhani ya achimwene anu yandikhudza, makamaka pofunsa inu m'malo mofunsa iwo. Zimenezo ndimazidziwa. Ndinapitapo ndi dzino likundiwawa, n'kupezeka tikukambirana za bipolar.

Amayi anamwino, 0.28 ija ndaiwerenga katatu. Koma chondidabwitsa n'chakuti sinandikwiyitse monga ndimayembekezera. Chimene chikundiwawa n'china. Akanandiuza tsiku loyamba lija kuti, “Bambo, zomwe mukuonazi timazitcha depression, gwero lake sitilidziwa bwino, mwa inu mwina n'zokhudzana ndi imfa ya mwana, tiyese mankhwalawa tione,” ndikanamwa ndithu, ndipo zitasintha sindikanadabwa. Koma anandiuza motsimikiza kuti ubongo wanga uli ndi chilema. Ndinakhulupirira. Kwa zaka 7 ndikalira mwana wanga ndinkati ndi matenda akuyambiranso, ndiye ndinkadziletsa kulira, n'kumayang'ana wotchi ngati nthawi ya mapiritsi yakwana. Zithunzi zake tinazichotsa pakhoma poopa kuti zindidzutsira matenda.

Ndifunsenso chimodzi. Nkhani ya serotonin ija, inali bodza?

Namwino_wopuma anayankha:

Ndinganene kuti inali nkhani yofupikitsidwa mpaka inasiya kukhala yoona. Inayamba ngati ganizo la ofufuza m'zaka za m'ma 1960, kenako otsatsa mankhwala anaikonda chifukwa ndi yosavuta kumva, ifenso tinaikonda chifukwa imatha m'mphindi imodzi ndipo imachotsa manyazi. Ine ndinainena kwa odwala mazanamazana. Mu 2022 Joanna Moncrieff wa ku University College London ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri n'kunena kuti palibe umboni wogwirizana woti depression imabwera chifukwa cha kuchepa kwa serotonin. Akatswiri ena anatsutsa njira imene anawerengera, koma ambiri mwa otsutsawo ankanenanso kuti nkhani ya “mankhwala achepa mu ubongo” anaisiya kale. Funso n'kumati, nanga odwala bwanji sanauzidwe?

Izi sizikutanthauza kuti mapiritsi sagwira ntchito. Aspirin amaletsa mutu, koma mutu suwawa chifukwa m'thupi mwachepa aspirin. Mu 2018 Andrea Cipriani ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 522 wa mankhwala 21 a depression mu magazini ya The Lancet. Onse anaposa piritsi lopanda mankhwala, koma kusiyana kwake, tikatengera anthu onse pamodzi, kunali kochepa. Ena amathandizika kwambiri, ena pang'ono, ena amangolandira zovuta zake. Tsoka lake sitidziwiratu kuti ndani ndi ndani.

Ndipo zomwe mwanena za kukhulupirira kuti ubongo uli ndi chilema, ofufuza anaziona. Anthu akauzidwa kuti vuto ndi la ubongo kapena la chibadwa, amachepetsa kumuimba mlandu wodwalayo, koma amachepetsanso chiyembekezo choti angachire. Tinkaganiza kuti tikuchotsa katundu, osadziwa kuti tikusenzetsa wina.

Ndibwerere pa kutaya mankhwala paja. Thupi limazolowera. Mukasiya lero ndi lero mukhoza kuona chizungulire, kusowa tulo, nkhawa yoopsa, ena amamva ngati magetsi akuwagwira m'mutu, ndipo zimenezi n'zosavuta kuzisokoneza ndi kubwerera kwa matenda. Ku Britain, mu 2019, bungwe lopereka malangizo a zachipatala la NICE linasintha malangizo ake n'kuvomereza kuti kwa anthu ena zovutazi zimakhala zazikulu ndipo zimatenga nthawi yaitali. Lithium ndiye woopsa kumusiya mwadzidzidzi. Ngati inu ndi adokotala achitatuwo mwagwirizana zochepetsa, muzichepetsa pang'onopang'ono, kwa miyezi, mankhwala amodzi pa nthawi, ndipo akazi anu adziwe. Maganizo odzipha akabwera, musadikire tsiku la sikelo yanu, pitani tsiku lomwelo.

Sindigonja anayankha:

Chabwino amayi, za kutaya mapiritsi ndabweza mawu, ndinalankhula ndi mkwiyo. Za Rosenhan sindinkadziwa. Koma pa mfundo yaikulu sindinasunthe. Mwavomera nokha kuti munauza anthu mazanamazana nkhani imene inali isanatsimikizike. Achimwenewa anachotsa zithunzi za mwana pakhoma chifukwa cha nkhaniyo. Wina anawapepesapo? Komanso dzina la m'bukulo limatha kumutsekera munthu m'wodi iye asakufuna, limatha kumulanditsa ana kukhoti. Chizindikiro cha pa katoni sichichita zimenezo.

Namwino_wopuma anayankha:

Pamenepo mwandigwira. Fanizo langa la katoni ndi lofatsa kwambiri poyerekeza ndi zomwe dzina limachita likalowa m'manja mwa lamulo. Ndinagwirapo anthu kuti abayidwe jakisoni akukana. Ena anadzandithokoza atachira. Ena sanandikhululukire, ndipo mmodzi ndimamulotabe. Kupepesa, ine ndingapepese pa mbali yanga yokha: bambo Kalaliki, pepani.

Kalaliki83 anayankha:

Amayi, si inu munandiuza, komabe ndalandira.

Ndikaonana ndi adokotala Lachinayi likudzali. Ndalemba mafunso papepala kuti ndisakaiwale ndikakhala pampando paja, chifukwa ndikangolowa m'chipinda chija mutu umayera. Loyamba: PTSD imeneyi mwaitsimikiza bwanji, ndipo n'chiyani chingakupangitseni kusintha maganizo? Lachiwiri: mwa mapiritsi awiri ndikumwawa, lililonse likugwira ntchito yanji, ndipo tiyambe kuchepetsa liti? Lachitatu ndi la uphungu, ngati alipo mlangizi wodziwa za anthu oferedwa mwadzidzidzi. Funso lachinayi ndi la fayilo. Pa tsamba loyamba pakadali mawu aja akuti bipolar, olembedwa ndi inki yofiira, ndipo aliyense amayambira pamenepo. Ndikufuna ndidziwe ngati angathe kuwakhwatcha, kapena kulemba pambali pake kuti anaunikanso.

Mkazi wanga wawerenga zonsezi dzulo usiku. Wati Lachinayi tipitira limodzi, ali ndi funso lakelake lomwe sanandiuze. M'mawa uno ndapeza watulutsa chithunzi chimodzi m'sutikesi, chija mwana wavala nsapato zanga, wachiika pa tebulo. Sitinakambirane. Chikadali pomwepo.